Za ubongozo lowani, koma fomu ija muidziwe kaye

Achemwali, mwafunsa za kukhala dokotala wa ubongo ndi kuchita kafukufuku wake. Njira yake ndi yodziwika: digiri ya udokotala (MBBS) ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, internship (kuphunzira ntchito m'chipatala) miyezi 18, kulembetsa ku Medical Council, kenako ambiri neurology (ukatswiri wa ubongowo) amakaimaliza kunja. Kafukufuku ndiye ali konkuno. Blantyre Coma Score, sikelo yoyezera kukula kwa chikomokere cha mwana, inayambira kuno mu 1989, ndipo MRI (mashini ojambula m'kati mwa thupi) ya ku chipatala cha Queens ndi imene inaonetsa mu 2015 kuti ana ambiri amene amamwalira ndi malungo a mu ubongo amafa chifukwa ubongo umatupa mpaka kusiya kupuma.

Koma zomwe sakuuzani ndi izi. Nthawi ili 2 koloko usiku, mwana wakomoka, pa sikelo ija ali pa 2 mwa 5, akugwedezeka osaleka. Mayi ake sanalawe kanthu chichokereni kumudzi, kuwerenga satha. Inu mwaima apo ndi fomu ya chilolezo ya masamba ambirimbiri, nthawi yomulowetsera mu kafukufuku ikutha. Mayi aja akuona chovala choyera basi, mumtima akuti ndikakana mwana wanga samubaya. Akudinda chala. Chimenecho si chilolezo, ndi mantha! Muyambe mwamubaya mwanayo mankhwala a malungo a artesunate, mwayeza shuga, mwaletsa kugwedezekako, kenako munene m'Chichewa chomveka kuti ngakhale akane mankhwala ndi omwewo. Mboni ya chidindo isakhale nesi wa kafukufuku yemweyo. Mutchule magazi amene mutenge pogwiritsa ntchito masupuni, osati ma ml, ndipo muuze mayiwo ngati magazi ena atumizidwe kunja. Mukapanda kutero, bambo akafika m'mawa n'kumva kuti mwana achotsedwa madzi a pamsana, mwana n'kumwalira masana, mlandu ndi wanu. Za anamapopa za mu 2017 zija anthu sanaiwale.

Ndiye pali mabwana ena, moni wawo ndi "talemba angati sabata ino?" Usikuwo anali m'tulo. Pepala la zotsatira za kafukufuku likatuluka dzina lanu kulibe, mwangothokozedwa kumapeto ngati wonyamula katundu. Zimawawa zedi.

Komabe musakangane nawo msanga, kalata yokapitira kusukulu adzalemba ndi iwowo. Chitani GCP (maphunziro a kachitidwe koyenera ka kafukufuku wa pa anthu), onetsetsani kuti komiti yovomereza kafukufuku, COMREC kapena NHSRC, yavomereza, vuto lalikulu likagwa lipoti lipite pasanathe maola 24, chilichonse mulembe tsiku ndi nthawi. Za dzina lanu pa pepala mugwirizane pa imelo ntchito isanayambe. Akakana kuyankha, musiyeni kafukufukuyo.