Nkhani ya mu 1962, koma akugula chambo ndi kwacha?

Funso: Akonzi, tinkaonera filimu ya banja la asodzi, nkhani yake ya mu 1962. Agogo anga anakwiya ataona bambo wa m'filimuyo akugula chambo ndi kwacha. Kodi akunena zoona? Ndine wowerenga wanu wa ku Linga, Nkhotakota.

Yankho: Agogo akunena zoona, muwauze kuti ndawagwadira. Kwacha idayamba mu 1971. Mu 1962 anthu ankagula ndi mapaundi, masheleni ndi mapeni. Dziko linali Nyasaland, ndipo boma lanulo pazikwangwani ankalemba Kota Kota. Mbendera ya dzuwa lotuluka ikaoneka, alakwitsanso, chifukwa idakwezedwa pa 6 Julaye 1964. Koma Ilala ikadutsa panyanja musadandaule, idayamba kuyenda mu 1951.

Zolakwika zina si za mbiri ayi. Chiwonetsero chimodzi amachijambula masiku osiyana, ndiye mumaona dengu la usipa lodzaza, kamera ikatembenuka latsala theka, kapena mayi asintha chitenje ali pakati polankhula. Zoterezi ine ndimakhululuka. Za ndalamazo zimandiwawa, chifukwa ana athu amaphunzira zakale kudzera m'mafilimu, pomwe ojambulawo akanangokhala pakhonde ndi agogo ngati anuwo n'kuwafunsa.