Kwa achemwali amene mlongo wawo wapatsidwa fomu yoti asaine kuchipatala

Achemwali, pepani ndi matenda. Mwati mlongo wanu wagonekedwa pachipatala china cha boma muno mu Johannesburg, mankhwala a TB wamwa koma sakupeza bwino, watuluka zilonda thupi lonse, madokotala akumabwera chigulu kudzamuona, ndipo tsopano abweretsa fomu yoti asaine kuti ajambule zilondazo ndi kulemba za matenda ake. Mukufunsa ngati samusandutsa choyeserapo mankhwala. Ena akuyankhani kale kuti mumutulutse, mumukweze basi ya kumudzi. Ine ndine namwino, ndipo ndikukupemphani musatero. Munthu wofooka chotere ulendo wodzera pa Beitbridge mpaka Mwanza ukhoza kumutsiriza.

Za chigulucho musade nazo nkhawa. Zipatala ngati Charlotte Maxeke, Helen Joseph ndi Chris Hani Baragwanath zimaphunzitsa madokotala a yunivesite ya Wits. M'mawa uliwonse dokotala wamkulu amazungulira wodi, pambuyo pake pali amene akuphunzira ukatswiri, amene angomaliza kumene sukulu, ndi ophunzira. Pakakhala matenda osaonekaoneka amaitanizana. Kunena zoona, wodwala amene akukambidwa ndi mitu yambiri amapindula kuposa amene akungodutsidwa. Koma ngati watopa ndi kuvulidwa malaya pamaso pa ophunzira, ali ndi ufulu wonena kuti lero ayi.

Tsopano fomuyo. Iwerengeni bwino, chifukwa pali zinthu ziwiri zimene anthufe timaziphatikiza. Pali kulemba lipoti la wodwala mmodzi, ndipo pali kafukufuku woyesa mankhwala. Mmene mwafotokozera, zikuoneka kuti yanuyo ndi yoyambayo. Pa lipoti lotere palibe jakisoni kapena piritsi lachilendo limene wodwala amapatsidwa. Thandizo lake limapitirira monga kale. Madokotala amangolemba mmene matenda anayambira, zomwe anapima, pomwe anasokera, ndi chimene chinathandiza, kenako n'kutumiza ku magazini ya zachipatala kuti anzawo kwina akakumana ndi zofanana asachedwe.

Musazione zazing'ono. Mu 2013 madokotala a muno mu South Africa anafalitsa za odwala 13 amene anali ndi HIV, chitetezo chotsika kwambiri, kutentha thupi, kuonda ndiponso zilonda pakhungu. Zizindikirozo zimafanana kwambiri ndi TB, moti odwala otere nthawi zambiri amayambitsidwa mankhwala a TB osachira. Atadula kachikopa kakang'ono pachilonda n'kukapima ku labu, anapeza fangasi amene anali asanadziwike, yemwe pano amatchedwa Emergomyces africanus. Mankhwala ake ndi ena ndithu: dripi ya amphotericin B, kenako itraconazole kwa miyezi yambiri. Lero dokotala wa kuno akaona wodwala wa HIV amene sakuchira ndi mankhwala a TB ndipo ali ndi zilonda, amaganizira msanga zodula kachikopa, chifukwa nkhani ya ena aja inalembedwa. Sindikuti mlongo wanu akudwala zimenezi, matenda sapimidwa pa Facebook. Koma akapempha kudula kachikopa, musakane poganiza kuti akufuna chizimba. Amabaya kaye mankhwala ochititsa dzanzi, ndipo kachikopako sikafika n'kukula kwa nsawawa.

Nachi chitsanzo china cha matenda achilendo amene anadziwika atafufuzidwa ndi kulembedwa. Joni yemweyu mu 2008 analandira mayi wina wodwala kwambiri kuchokera ku Lusaka. Anthu asanu anadwala, anayi anamwalira, ndipo ena mwa iwo anali ogwira ntchito zachipatala. Kachilombo kake kanali katsopano, anakatcha Lujo pophatikiza Lusaka ndi Johannesburg.

Komabe lipoti lili ndi pake pofunika kusamala, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna muikepo maganizo. Dzina salemba, koma chithunzi chimaulula munthu. Nkhope, mphini za pachifuwa, chipsera, tatu, zonsezi wachibale akhoza kuzizindikira. Akawonjezapo kuti ndi mwamuna wa zaka zakutizakuti wochokera ku Malawi, wogwira ntchito yakutiyakuti, ndiye kuti kwa ife amene timadziwana m'matchalitchi ndi m'magulu a maliro, chinsinsi chatsala pang'ono. Ndipo zikangotuluka pa intaneti sizibwezedwa. Choncho apemphe kuona zithunzizo asanasaine, anene kuti nkhope isaoneke, ndipo ngati za HIV sanauze anthu, afunse kuti adzazilemba motani. Akhoza kuvomera kulembedwa n'kukana zithunzi. Ndiponso wosaina ndi iye mwini, osati inu, pokhapokha ngati wadwalika moti sakuzindikira.

Mukapeza kuti fomuyo ikunena zogawa odwala m'magulu mwamaere, kapena dzina la mankhwala amene akuyesedwa, ameneyo ndiye kafukufuku weniweni. Mantha anu pamenepo sindingawaseke. Ku Tuskegee, m'dziko la America, amuna akuda odwala chindoko anasiyidwa osapatsidwa mankhwala kuyambira 1932 mpaka 1972 kuti ofufuza aone mmene matendawo amathera. Zoterezi ndi zimene zinachititsa kuti malamulo akhwime. Kuno lamulo la zaumoyo la 2003 limafuna chilolezo cholembedwa, komanso limati wodwala afotokozeredwe m'chinenero chimene akumva. Kafukufuku aliyense amayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa odwala, ndipo woyesa mankhwala amadzeranso ku SAHPRA, bungwe la boma loona za mankhwala. Pafomu yoona pamakhala dzina la komitiyo ndi nambala yake ya foni. Pakapanda zimenezo, cholembera chibwezeni m'thumba. Kukana sikumulanditsa bedi kapena mankhwala, ndipo ngakhale atavomera lero akhoza kutuluka m'kafukufukuyo mawa. Ndalama imene amapereka ndi ya thiransipoti ndi nthawi yake, si malipiro, ndiye isakhale chifukwa cholowera.

Ine ndekha kafukufuku sindimunyoza. Matenda oumitsa khosi obwera ndi fangasi, aja amapha anthu ambiri a HIV, ankafuna dripi ya amphotericin tsiku ndi tsiku kwa sabata kapena kupitirira, ndipo dripiyo imapweteka impso ndi kuchepetsa magazi. Kafukufuku wotchedwa AMBITION, amene anachitikira ku Blantyre, Lilongwe, Cape Town ndi mizinda ina ya ku Botswana, Zimbabwe ndi Uganda, anaonetsa kuti dripi imodzi yokha yamphamvu ya mtundu wina wa mankhwalawo, pamodzi ndi mapiritsi a milungu iwiri, imathandiza mofanana koma mosapweteka thupi kwambiri. Mu 2022 bungwe la WHO linaika njirayi m'malangizo ake. Amalawi anzathu a ku Queens ndi ku Central anasaina nawo mafomu amenewo.

China chimene chingathandize kuposa fomuyo: auzeni madokotala zonse. Chachilendo ku Joni nthawi zina n'chodziwika kwathu. Muno malungo safala, ndiye wina akabwera kuchokera ku holide ya Khirisimasi thupi likutentha, osanena kuti anali ku Nkhotakota, akhoza kupatsidwa mankhwala a chimfine mpaka zinthu zitavuta. Likodzo la kunyanja limatha kubisala zaka, n'kudzaonekera pachiwindi, m'chikhodzodzo, ngakhale pamsana miyendo n'kufooka. Nenani ngati anagwirapo ntchito kumigodi, ngati analekeza ma ARV, ngati wamwa mankhwala azitsamba. Ambiri amabisa zazitsambazi poopa kukalipiridwa, pamene dokotala akuvutika kufufuza chimene chaononga impso. Botolo lake mupite nalo.

Mawa fikani m'mawa, muuze sisitala wamkulu wa wodiyo kuti banja likufuna kuonana ndi dokotala amene akumuyang'anira akamaliza kuzungulira. Mufunse matenda amene akuwaganizira, zotsatira zimene akudikira ndi tsiku lomwe zituluke, ndiponso ngati fomuyo isinthe chilichonse pa mankhwala ake. Pemphani kope lake mupite nalo kunyumba. Ngati Chingerezi chake chikuvuta, ijambuleni mutaphimba dzina ndi nambala ya fayilo, munditumizire ku inbox, tiwerengere limodzi ndikaweruka.