Njira ziwiri za Frost ndi malume anga amene "anakana" ku Wenela

Imelo ya sabata ino yachokera kwa achemwali ena amene akuphunzitsa ku pulayimale, ndipo akuganiza zotula pansi choko n'kupita ku Cape Town kumene kuli msuweni wawo. Mnzawo wawatumizira pa WhatsApp ndakatulo ya Robert Frost yotchedwa The Road Not Taken, ati kuwalimbitsa mtima. Funso lawo n'lakuti, kodi ndakatuloyi ikunenadi kuti munthu azisankha njira imene anthu ambiri sadutsamo?

Ayi, achemwali, sikutero. Ndipo mwandiputa dala, chifukwa nkhani imeneyi imandiwawa.

Ndakatuloyi ili ndi ndime zinayi, iliyonse mizere isanu. Munthu wafika pa mphambano m'nkhalango, masamba atachita chikasu. Wayang'ana njira imodzi mpaka pamene ikukhotera m'zitsamba, kenako watenga inayo, ati chifukwa ili ndi udzu ndipo ikuoneka kuti anthu sapitapitamo. Koma asanameze n'komwe malovu akudzitsutsa yekha, akuti kunena zoona njira zonsezi zinapondedwa mofanana. M'ndime yachitatu akubwerezanso kuti m'mawa umenewo njira zonse ziwiri zinali ndi masamba amene palibe anali atapondapo. Tsono ndime yomaliza ija, imene anthu amaikonda, ikukamba zam'tsogolo. Akuti zaka zambiri zikadzapita, adzakhala akusimba nkhaniyi mousa moyo, n'kumati iye anatenga njira yosadutsidwadutsidwa ndipo n'zimene zinasintha zonse. Munthuyu akudziwiratu kuti akadzakalamba adzaikometsera nkhaniyi. Ife owerenga taona ndi maso athu kuti panalibe kusiyana.

Frost anali wa ku America, koma kuyambira 1912 mpaka 1915 ankakhala ku England. Kumeneko anapalana ubwenzi ndi mlembi mnzake Edward Thomas, ndipo mu 1914 awiriwa ankakonda kuyenda wapansi m'madera a ku Dymock, ku Gloucestershire. Thomas anali ndi khalidwe lake. Akasankha njira yoti akamuonetse mnzakeyo maluwa kapena mbalame, pobwerera ankangodandaula kuti bola akanadzera kwina kuja. Frost analemba ndakatuloyi pomuseka mnzakeyo, n'kumutumizira mu 1915. Thomas sanaone choseketsa. Nthawi imeneyo n'kuti ali pakati pa maganizo awiri, kusamukira ku America kukakhala pafupi ndi Frost, kapena kulowa usilikali poti nkhondo yoyamba ya padziko lonse inali itavuta. Mu July 1915 analowa usilikali, ndipo pa 9 April 1917 anaphedwa ku Arras, ku France, n'kusiya mkazi ndi ana atatu. Ena amati ndakatuloyi ndi imene inamukankhira ku nkhondo. Ine ndimaona kuti kumeneko n'kuisenzetsa katundu amene si wake, chifukwa bamboyu anali atavutika kale ndi nkhani ya nkhondoyo kwa miyezi yambiri.

Koma chimene chandiyabwa ndi malume anga. Malumewa, mukawapeza pa maliro usiku moto uli lawilawi, kapena pa chinkhoswe thobwa litazungulira, nkhani yawo ndi imodzi. Amati anzawo onse ankathamangira ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe lija linkalemba anthu ntchito za m'migodi, koma iwo anakana, anasankha khasu, n'chifukwa chake lero mapapo awo ali bwinobwino pamene anzawo ambiri anapita kalekale ndi chifuwa. Amaifotokoza bwino zedi, amasiya kaye pakatikati kuti mufunse, ndipo ife tili ana tinkawaona ngati mneneri.

Mayi anga ndi amene anandiuza zinazo, tsiku lina tikutong'ola chimanga. Malume analembetsa, dzina linalowa m'buku, anagulitsa ndi mbuzi kuti apeze kamba wapaulendo. Ndiye mu April 1974 ndege ya Wenela imene inanyamula anthu ochokera ku migodi inagwa ku Francistown, ku Botswana, n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi. Kamuzu analetsa zolemba anthu opita ku migodi. Ulendo wa malume unathera pomwepo. Mayi amati mchimwene wawoyo anakhala masiku osalankhula ndi munthu, akudandaula njinga ndi wailesi zimene anzake ankabwera nazo.

Sindikuti malume ndi abodza. Nkhaniyo aibwereza kwa zaka zambirimbiri moti anaikhulupirira okha, ndipo yawathandiza kuti azigona tulo. Mnzawo wina amene anapita kale ngoziyo isanachitike, n'kubwerako ndi malata a nyumba, nayenso ali ndi nkhani yake, yakuti iye ndi amene analimba mtima pamene amantha ankakakamira kumudzi. Muwakhazike pa mphasa imodzi madala awiriwa, aliyense akuuzani kuti ndiye anatenga njira imene ena ankaiopa. Frost anawajambula onse awiri asanabadwe.

N'chifukwa chake ndimanyansidwa ndikamva ndime yomalizayi ikuwerengedwa pa mwambo wotsanzikana ndi ophunzira a Folomu 4, kapena pakamwa pa anthu ovala masuti aja amene amalipiritsa pakhomo kuti akuuzeni mmene mungalemerere. Amadula mizere itatu yakumapeto, ina yonse n'kutaya. Ndinene mosapsatira, kumeneko n'kunamiza ana. Amene zinamuyendera ndi amene amapatsidwa maikolofoni, ndiye amati ndinalimba mtima. Amene anachita zomwezo n'kugwa chagada, palibe amamuitana kuti adzayankhule. Nawonso aphunzitsi a literature ena amathandizira, chifukwa yankho lakuti "khala wosiyana ndi anzako" ndi losavuta kuchonga kusiyana ndi lakuti wolankhula m'ndakatuloyi sitingamukhulupirire. Pepani achemwali, ndikudziwa kuti ndinu a ntchito yomweyo.

Pali mzere wina m'ndime yachitatu umene anthu amaudumpha, koma kwa ine ndi umene uli ndi mnofu. Munthu uja akudzitonthoza kuti njira inayo adzaiyenda tsiku lina, kenako akuvomera kuti njira imabala njira inzake, ndiye n'zokayikitsa ngati adzabwererenso pamenepa. Apa sakuseka ayi. Mukapita ku Cape Town, mudzapeza ntchito, ntchitoyo idzakupezetsani anthu, mwina banja, mwina ngongole, ndipo kalasi mwaisiyayo idzakhala ndi mwini wake wina. Mukatsala, nakonso zidzamera zake. Ngakhale mutu wa ndakatuloyi ukutchula njira imene munthuyo sanayende, ndiye kuti mtima wake udakali komweko.

Nanga mupite kapena ayi?

Zimenezo musamufunse Frost, iye sankadziwa mtengo wa lendi ku Cape Town. Funsani msuweni wanuyo kuti akuuzeni ndalama zenizeni zimene zimatsala mwezi ukatha, atalipira nyumba ndi thiransipoti, osati zithunzi za pa Facebook. Dziwani kuti pasipoti ya Malawi imakulolani kukhala ku South Africa masiku 30 ngati mlendo, ndipo zimenezo si chilolezo chogwirira ntchito. Musanalembe kalata yosiya ntchito, pitani ku ofesi ya maphunziro ya m'boma lanu mukafunse ngati n'zotheka kutenga tchuthi chosalipidwa, komanso kuti zaka mwagwirazi zikhala bwanji pa nkhani ya penshoni. Mnzanu uja mum'tumizire ndime yachiwiri ndi yachitatu, mum'funse ngati anaziwerenga.