Kuphunzitsa binary makompyuta akachepa

Mwafunsa ngati binary, njira yolembera manambala pogwiritsa ntchito 0 ndi 1 basi, ingaphunzitsike m'kalasi momwe makompyuta ndi ochepa. Phunziro limeneli silifuna kompyuta n'komwe.

Dulani makadi asanu a katoni, mujambulepo madontho akuluakulu mbali imodzi yokha: 16, 8, 4, 2 ndi 1. Ana asanu aime kutsogolo atanyamula makadiwo. Khadi loonetsa madontho ndi 1, lotembenuzidwa ndi 0. Mukatchula 13, aonetse 8, 4 ndi 1 (kuphatikiza ndi 13), ndipo pa bolodi mulembe 01101.

Samalani ndi kaimidwe kawo. Khadi la dontho limodzi likhale kumanja kwa amene akuonerera, osati kwa onyamulawo, apo ayi kalasi yonse ilemba manambala chobwerera.

Kenako awerenge kuyambira 0 mpaka 31. Wa khadi la 1 amatembenuza nthawi iliyonse mpaka mkono kulema, pomwe wa 16 amatembenuza kamodzi kokha. Apa m'pamene ambiri amagwira mfundo, choncho musathamange. Mukafika 31, funsani 32, muwasiye apeze okha kuti pakufunika khadi lachisanu ndi chimodzi. Makadi asanu ndi atatu ndiwo byte, gulu la ma 0 ndi ma 1 asanu ndi atatu m'kompyuta, ndipo amafika 255.