Za mkangano wanu wa pa Luchenza

Adzukulu anga, uthenga wanu wandipeza. Mwati Loweruka munatsala pang'ono kuponyerana zibakera pa Luchenza, ena akuti gulu lomwe lidasintha maimbidwe m'dziko muno ndi Ma Blacks, ena akuti ndi Zembani. Ndiye amalume anu atatchula Alan Namoko, nonse munafa nalo phwete n'kuwauza kuti zimenezo n'zamakedzana. Pano mukufuna ine ndigamule.

Ndiyamba ndi chisekocho, chifukwa mlandu weniweni uli pamenepo. Wamkulu akaponya mawu pabwalo, mwana amayamba wafunsa kuti, "Amalume, ameneyo anali ndani?" Kutsutsa sikuletsedwa, ngakhale ife tinkatsutsana ndi akuluakulu pa bawo. Koma kuseka mlongo wa mayi anu pamaso pa mavenda ndi akabaza, umenewo ndi mwano.

Komanso amene munamusekayo ndi wanu. Namoko anali wa konkuno ku Thyolo, munthu wosaona, ndipo gulu lake linali Chimvu Jazz Band. Zida zake zinali monga banjo ndi ng'oma, mawu ake osasa, akuimba za ana amasiye ndi umphawi m'Chichewa ndi m'Chilomwe. Masiku amenewo wailesi inali imodzi, ya MBC, choncho nyimbo ikalowa pamenepo inkamveka kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Othyola tiyi ankaziimba dengu lili kumsana. Adamwalira mu 1995, ambiri a inu musanabadwe.

Tsono za magulu anuwo. Inu a Ma Blacks, sindikukanirani. Evison Matafale adafera m'manja mwa apolisi mu 2001, koma gulu lake la Black Missionaries, ndiwo Ma Blacks anuwo, silidagwe, ndipo mpaka lero likafika pamalo anthu amadzaza. Kungoti mufunse kuti Anjiru ndi Chizondi, oimba a m'gululo, ndi ana a yani. Bambo wawo ndi Robert Fumulani wa Likhubula River Dance Band ya ku Chileka, ndipo ku Chileka komweko n'kumene kunkachokera Daniel ndi Donald Kachamba, akatswiri a kwela.

Inu a Zembani nanunso mwayambira pakati. Malemu Lucius Banda, amene adayambitsa Zembani, adakulira mu Alleluya Band, yomwe mkulu wake Paul Banda adayambitsa ku Balaka mu 1978, pansi pa mpingo wa Katolika. Ngati mukufuna chigamulo changa, ine ndikuloza Alleluya. Sindiyesa ndi fumbi la pa dansi ayi, ndimawerenga anthu amene adaphunzirira luso m'manja mwa gululo: Lucius mwiniyo, Charles Sinetre, Coss Chiwalo ndi ena. Onjezani situdiyo ya Paul, kumene oimba ankakhamukira kukajambula m'zaka za m'ma 1990, nthawi ya makaseti, mpaka minibasi iliyonse yochoka ku Limbe kupita ku Muloza inkalira rege ya ku Balaka. Ena ankadandaula kuti nyimbo zonse zayamba kufanana, ndipo pang'ono ankanena zoona, koma dandaulo lomwelo likusonyeza kutalika kwa dzanja la Balaka.

Amene sakugwirizana nane abwere tidzakambirane pakhonde, ndili ndi mpando. Koma Lamlungu mukaweruka kutchalitchi mupite nonse kwa amalume anu. Osatumiza uthenga pa foni. Munyamule paketi ya shuga, mukhale pansi, wamkulu mwa inu ndiye apepese, kenako muwafunse za Namoko.