Nyumba tinagula awiri, iwo ngongole zawamiza: kodi atichotsa?

FUNSO: Akonzi, ine ndi bambo a ana anga tinagula nyumba ku Mufakose, mu mzinda wa Harare, tili pabanja, ndipo pa title deed, chikalata cha umwini wa nyumba, pali mayina athu tonse awiri. Banja litatha iwo anachoka, ine n'kutsala m'nyumbamo ndi ana. Khoti linagamula kuti nyumba ikhale yanga, koma dzina lawo sitinalichotse poti ndalama za loya zinavuta. Ngongole ya kubanki idakalipo pang'ono. Pano ndalandira kalata yoti bizinesi yawo ya makombi (maminibasi) inagwa, ndipo khoti lapereka chuma chawo kwa munthu wina kuti agulitse n'kubweza ngongole. Kodi nyumbayi ipita?

Mayi wa ku Mufakose

YANKHO: Mayi, theka lanu ndi lanu. Kuno ku Zimbabwe, malinga ndi Married Persons Property Act, maukwati a kuyambira 1929 saphatikiza chuma cha mwamuna ndi mkazi, choncho ngongole imene bambowo anatenga paokha singalipidwe ndi gawo lanu. Nkhawa ili pa theka linalo.

High Court ikalamula kuti munthu walephera kubweza ngongole, motsatira Insolvency Act ya 2018, chuma chake chimachoka m'manja mwake. Chimayang'aniridwa ndi ofesi ya Master of the High Court, kenako munthu wosankhidwa, amene amatchedwa liquidator, amachigulitsa n'kugawira angongole, ndiwo amene anamukongoza. Iyeyu sayamba wafunsa kuti m'nyumbamo mukugona ndani. Amapita ku Deeds Registry, ofesi ya boma yolemba eni malo ndi nyumba, kukaona dzina lolembedwa, ndipo kumeneko theka la nyumba yanu likadali la bambowo.

Chigamulo chanu chija n'chofunika, koma pachokha sichisintha umwini wa nyumba. Umwini umasintha tsiku limene dzina lasinthidwa ku Deeds Registry. Anthu ambiri amagwa pomwepa: amapambana kukhoti, pepala n'kulisunga musutikesi, zaka n'kumapita. Tsopano liquidator akhoza kunena kuti inu mwangokhala mmodzi mwa anthu amene bambowo ali nawo mangawa. Loya wanu angatsutse zimenezi, maka posonyeza kuti chigamulocho chinaperekedwa kale ngongolezi zisanabwere ndiponso kuti ndinu mwakhala mukulipira banki ndi khonsolo. Mlandu wotere ukhoza kukukomerani, koma musauwerengere ngati wopambana kale.

Nanga angachite chiyani ndi thekalo? Payekha sangagulitse nyumba yonse inu musanavomere. Angagulitse gawo la bambowo lokha, ndipo kunena zoona ogula theka la nyumba yokhalamo mayi ndi ana ndi ochepa. Koma lamulo silikakamiza munthu kukhala pa umwini wogawana ndi mnzake mpaka kalekale, ndiye akhoza kupempha khoti kuti ligawe. Nyumba ya zipinda zinayi sangaidule pakati ngati mkate, choncho khoti limatha kulamula kuti igulitsidwe, ndalama zigawidwe.

Tiyerekeze kuti nyumbayo ndi ya madola 40,000 ndipo kubanki kwatsala 10,000. Banki imayamba kutenga zake chifukwa nyumbayo ndi chikole chake. Zotsala 30,000 mumagawana: 15,000 zanu, 15,000 za angongole. Koma ikapita pa okushoni n'kugulidwa 28,000, pochotsa za banki mumatsala ndi 9,000 aliyense, musanachotse zolipira ogulitsa, maloya ndi msonkho. Liquidator masamu awa amawadziwa bwino. N'chifukwa chake kawirikawiri amamvetsera mwini theka linalo akabwera ndi mtengo womveka wogulira gawolo, ndipo kwa ife imeneyi ndiyo njira yoyenera kuikapo mtima ngati loya waona kuti chigamulo chija sichikwanira.

Za banki zokha musagone nazo. Ngati munasainira ngongoleyo nonse, mapangano ambiri amapatsa banki mphamvu yolonjerera ndalama yonse kwa mmodzi wa inu. Kunena kuti "mbali yanga ndinalipira" sikuthandiza. Miyezi ikadumphidwa, banki ikhoza kupita kukhoti n'kugulitsitsa nyumba yonse kudzera kwa Sheriff, mkulu wokwaniritsa zigamulo za khoti, theka lanu lomwe. Pitirizani kulipira mwezi ndi mwezi, kudzera ku akaunti ya dzina lanu, ndipo malisiti muzisunga. Ndalama imene mwalipira m'malo mwa bambowo ikhoza kuwerengedwa pokambirana mtengo.

Sabata ino pitani ku Deeds Registry mukafufuze nyumbayo: mayina, ngongole yolembedwapo, komanso ngati wina waikapo kale caveat, chomwe ndi chiletso choti nyumba isasinthidwe dzina. Loya akhoza kupempha caveat m'malo mwanu. Mukatero lemberani liquidator kalata, kope lake lipite kwa Master, muphatikizepo chigamulo cha khoti, title deed ndi malisiti. Funsani tsiku la msonkhano wa angongole, chifukwa ngati bambowo ali ndi ndalama zanu, kaya za chisamaliro cha ana zimene sanapereke, muyenera kuziperekera umboni wolumbira kumeneko. Pezaninso katswiri wovomerezeka woyesa mitengo ya nyumba. Mtengo wa pakamwa wa anansi sugwira ntchito.

Mukagwirizana, loya wosintha mayina adzafuna chiphaso cha City of Harare choti mulibe ngongole ya khonsolo, cha msonkho chochokera ku ZIMRA (bungwe la boma lotolera misonkho), ndi chilolezo cha banki. Ngongole ya madzi ndi malo ikaunjikana, zonse zimaima. Pepala lililonse lochokera kwa Sheriff likafika pakhomo, lionetseni kwa loya tsiku lomwelo, pakuti masiku opemphera khoti kuti liimitse kugulitsa nyumba yokhalamo anthu ndi owerengeka. Ndalama zikavuta, pitani ku Legal Aid Directorate, Zimbabwe Women Lawyers Association kapena Legal Resources Foundation.

FUNSO: Ine ndi mayi amene ndinkakhala nawo popanda mtchatho tili ndi nyumba ya khonsolo ku Mabvuku, yopanda title deed. Tinasiyana. Iwo ngongole zawapanikiza, ndiye akuti asainire gawo lawo kwa ine msanga angongole asanafike. Ndivomere?

Bambo wa ku Mabvuku

YANKHO: Bambo, musathamange. Munthu akapereka katundu kwaulere kapena pamtengo wachibwana ngongole zitamukulira kale, liquidator akhoza kupempha khoti kuti libweze katunduyo, ndipo zopatsana pakati pa anthu amene anali pabanja amazifufuza kwambiri. Mungataye gawolo n'kulipiranso ndalama za mlandu. Ngati mukulifuna, ligulenidi pamtengo wake weniweni, polemberana, ndalama zidutse kubanki.

Kusowa title deed sikuteteza nyumba. Ufulu wanu pa nyumba ya khonsolo ndi chuma ndithu, ndipo umasinthidwa pochita cession, kutanthauza kusainira ufuluwo kwa munthu wina, khonsolo itavomera. Pitani ku ofesi ya khonsolo ya kwanuko mukaone mayina amene ali mu faelo. Mukapeza la mayiwo lokha, funsani loya za gawo 41 la Marriages Act ya 2022, limene limalola khoti kugawa chuma cha anthu amene ankakhalira limodzi ngati banja osalembetsa, ndipo mupite ndi malisiti a simenti, malata ndi njerwa zimene munagula.