Kwa achemwali a ku Jali, pa nkhani ya mlendo wodzaona ngati pulojekiti ingaunikidwe

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati gulu lanu la amayi a mpingo lili ndi sukulu zinayi za mkombaphala cha ku Jali, mumaphikira ana phala, ena mumawagulira yunifolomu ndi makope, ndipo okuthandizani ndi ndalama alemba kalata kuti asanawonjezere zaka zina atumiza munthu adzaone ngati ntchitoyi ingatheke kuilondoloza ndi kuiunika. Ndiye mukufunsa ngati akukuganizirani zakuba. Mtima m'malo. Wofufuza za ndalama akabwera amayamba ndi malisiti. Uyu funso lake ndi lina: titati chaka chamawa titumize akafukufuku, tiwalipire ndalama zambiri, adzapeza poyambira kapena adzangozungulira mudzi n'kubwerako ndi zithunzi? Ine ntchito imeneyi ndaigwirapo, poyamba ngati wofunsa mafunso khomo ndi khomo, kenako ngati wolondoloza ndi kuunika mapulojekiti (M&E), ndiye ndikuuzeni zomwe ndimayang'ana ndikatumidwa.

Tsiku loyamba sinditsegula ngakhale kope. Ndimakhala pansi ndi wapampando, kenako mlezi payekha, kenako a gulupu, aliyense funso limodzimodzi: pulojekitiyi ikadzatha, mwana wa m'mudzi muno adzakhala atasintha chiyani? Inu mudzati akhale wokonzeka kulowa Sitandade 1. Mlezi adzati asamaweruke ndi njala. A gulupu adzati atsikana asamathamangire banja. Pomwe kalata yopemphera ndalama ija mwina inangoti "kutukula miyoyo ya ana". Palibe yankho loipa apa, koma amenewa ndi mapulojekiti anayi ofunda chitenje chimodzi, ndipo "kutukula miyoyo" kulibe sikelo yake. Choyezeka ndi chonga ichi: mwa ana omwe afika zaka 6 m'midzi yanu, ndi angati alowa Sitandade 1 mu Sepitembala, ndipo ndi angati adakali m'kalasi temu yachitatu.

Pali pena pomwe ambiri amadzikola okha, ndipo muonenso bwino kalata yanuyo. Anthu amakonda kulonjeza kuti phala lichepetsa kupinimbira, chifukwa mawuwo amakoma m'makutu a opereka ndalama. Vutolo liripodi: kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 wa ofesi ya boma yoona za ziwerengero ya NSO, yomwe likulu lake lili konkuno ku Zomba, anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Koma kupinimbira kumayambika kwambiri m'masiku 1,000 oyamba, kuchokera pamene mayi waima mpaka mwana atakwana zaka ziwiri. Ana anu a mkombaphala ndi a zaka zitatu mpaka zisanu. Muwaphikire Likuni phala tsiku lililonse, msinkhu womwe unatsalira kale subwerera m'miyezi 24 moti n'kuoneka pa thabwa loyezera. Wodzaunika akayeza chimenecho adzalemba kuti mwalephera, chonsecho phala lanulo lagwira ntchito ina: ana akubwera m'mawa, sakuwodzera, sakuwonda nthawi ya njala. Kuwondako n'komwe mungakutsatire mosavuta ndi kalamba kamene alangizi a zaumoyo amayezera mkono kaja, kofiira pansi pa masentimita 11.5, kachikasu mpaka 12.5. Kumbukirani kuti kalambako ndi ka ana osakwana zaka zisanu.

Tsopano kaundula, pomwe pagona nkhani yonse. Ndinapitako ku sukulu ina ya mkombaphala, sinditchula mudzi. Mlezi anatulutsa kope lachikuto cholimba m'jumbo ya shuga, alisunga bwino ndithu. Nditatsegula, mwezi wonse wa Febuluwale ana onse 63 anabwera tsiku lililonse, timizere tonse tolembedwa ndi cholembera chimodzi, dzanja limodzi, topendekera mbali imodzi. Febuluwale ameneyo, mvula ili pakati, malungo ali ponseponse, timitsinje tadzadza! Nditamufunsa pambali anaseka mwamanyazi, nati anadzaza dzulo lake usiku pa tochi ya foni, atamva kuti kukubwera alendo. Mayiyo sanabe kalikonse, ndipo amagwira ntchito yongodzipereka, osalandira ngakhale ya sopo. Palibe anamuuzapo kuti kopelo ntchito yake n'chiyani. Koma ine kope lotero sindingatengemo nambala ngakhale imodzi. Bola mundipatse kope lothimbirira, lokhala ndi masiku opanda kanthu, penapake palembedwa kuti "lero kunali maliro, sitinaphunzire". Limenelo ndimalikhulupirira.

M'kope lomwelo munali mwana mmodzi wolembedwa katatu: dzina la kunyumba, dzina la ubatizo, ndi lina lomwe agogo ake amamuitanira. Kwa ana okulirapo omwe mumawagulira yunifolomu, dziwani kuti mnyamata akachoka ku jando amatha kubwera ndi dzina latsopano, ndiye pa mndandanda wanu zimaoneka ngati wina wasiya sukulu ndipo wina walowa. Mwana aliyense mumupatse nambala yake yosasintha, ndipo tsiku lobadwa mulitenge m'kabuku ka kusikelo kapena pa chiphaso chobadwira, osati pakamwa. Mukafunsa pakamwa mudzamva zoti "anabadwa chimanga chikumasula, chaka cha namondwe Ana", ndiye muyambe kuwerengera nokha kuti ndi kumayambiriro kwa 2022.

Kuti muone kuti gwero la nambala si nkhani yachibwana, m'boma lathu lomwe lino munachitika kafukufuku wodziwika dziko lonse lapansi. Mu 2008 ndi 2009 akatswiri a World Bank ndi anzawo a m'mayunivesite ankapereka ndalama mwezi ndi mwezi kwa atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22 ndi makolo awo. Anatenga madera 176 a m'boma la Zomba, theka lolandira ndi theka losalandira, posankha mwa mayere, ndipo mafunso oyamba anafunsa ndalama zisanayambe kutuluka. Atsikana ena ankalandira pokhapokha akapezeka m'kalasi masiku 80 mwa 100, ena ankangolandira popanda lamulo. Atafunsa atsikana eni ake ngati adakali pasukulu, zinaoneka ngati olandira popanda lamulo ndiwo akuchita bwino. Atapita kwa aphunzitsi ndi m'makaundula a sukulu, nkhani inatembenuka: a lamulo aja ndiwo ankakhalitsa pasukulu. Atsikana omwewo, sukulu zomwezo, mayankho awiri. Mimba ndi maukwati zinatsika kwambiri kwa olandira popanda lamulo, koma atabwereranso patadutsa zaka ziwiri ndalama zitasiya, zambiri mwa zabwinozo zinali zitazilala. Ndiye mlendo wanu akadzafunsa kuti "nambala iyi munaitenga kwa ndani, ndipo liti?", musadzaone ngati mwano.

Liti ameneyo ndi wofunika. Mukayeza mikono mu Febuluwale, nkhokwe zili pululu makolo ali pa ganyu, n'kudzayezanso mu Juni anthu atakolola, ana adzaoneka onenepa ngakhale mukanapanda kuphika n'kapu imodzi yomwe. Yezani mwezi womwewo chaka chilichonse. Ndipo lembani m'kope zomwe zinagwa pakati. Ngati munayamba mu 2022, mwadutsa mu kolera, mu namondwe Freddy wa Malichi 2023, ndi kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chomwecho. Thumba la soya lomwe munaliwerengera pa bajeti silinalinso pa mtengo uja. Mabanja odalira nsomba za ku Chilwa, nyanja ikaphwa monga inachitira mu 2018, amasamuka ndi ana omwe. Wosadziwa zimenezi adzangoona kuti ana achepa n'kuloza chala inu.

Funso lovuta kwambiri adzafunsa ndi loti tikuyerekeza ndi ndani. Mudzi womwewo mwina mabanja ena ali pa Mtukula Pakhomo, kusukulu ya pulayimale kuli phala la bungwe lina, a mother group nawo akubweza atsikana kusukulu. Mwana akasintha, tithokoze ndani? Ndikudziwa mudzati sitingamane ana phala kuti tingopeza oyerekeza nawo, ndipo mukunena zoona. Koma ndalama zanu sizifikira midzi yonse tsiku limodzi. Ngati mukuganiza zotsegula sukulu zina ziwiri chaka chamawa, yambani kulemba ana a m'midzi imeneyo panopa. Kauniuni wa Mtukula Pakhomo ku Salima ndi Mangochi, yemwe anayamba mu 2013 ndipo a Centre for Social Research a pa Chanco anali nawo, anayenda chomwecho: midzi ina inayamba kulandira, ina inadikira kaye n'kudzalowa pambuyo.

Ngati mulinso ndi gawo loteteza ana ku nkhanza, samalani ndi kawerengedwe kake. Anthu akaphunzitsidwa, akadziwa zoimba pa nambala yothandiza ana ya 116, akadziwa kuti kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, milandu yonenedwa imakwera. Lipoti limaoneka ngati zinthu zaipa pomwe anthu angosiya kubisa. Chowerenga chabwino ndi choti mwa nkhani zomwe zinafika kwa inu, ndi zingati zinafika kwa a zachisamaliro cha anthu kapena kupolisi, patapita masiku angati, ndipo mwanayo ali kuti lero. Mayina a ana amenewa asalowe m'kope la phala, ndipo chonde asaponyedwe pa WhatsApp, ngakhale pa gulu la komiti.

Kunena mosapsatira, malinga ndi zomwe mwalemba, ntchito yanu ingalondolozedwe kuyambira mawa lomwe, koma kunena motsimikiza kuti yasintha ana mwakutimwakuti sikungatheke panopa, chifukwa mwati simunayeze kalikonse poyamba. Mlendo akadzanena zimenezi musadzakhumudwe. Ambiri omwe ndawaona akuuzidwa choncho sanalandidwe ndalama, anangopatsidwa miyezi yokonza. Zina mungazitolere m'mbuyo: timabuku ta kusikelo tili ndi kulemera kwa ana mwezi ndi mwezi, ndipo a hedi a sukulu yapafupi ali ndi kaundula wa olowa Sitandade 1 wa zaka zapitazo. Pemphaninso kuti mu bajeti yatsopano muikidwe ndalama ya makope, mabatire a sikelo ndi thiransipoti ya woyendera sukuluzo, chifukwa amene akufuna manambalawo ndiye ayenera kulipira potolera pake.

Chimodzi chokha ndikupempheni: musawauze alezi kuti akopere makope akale m'makope atsopano kuti aoneke aukhondo. Asiyeni momwe alili, ngakhale lija linanyowa nthawi ya Freddy. Mukafuna, Loweruka likubwerali ndidzakhala ku Mpondabwino m'mawa, mubwere ndi makope awiri, labwino ndi loipitsitsa, pamodzi ndi kalata yopemphera ndalama ija, tidzaone limodzi.